MWANA AMAMVA NDI MASO

  Nkhani ya lero ndi ya pakhomo. Ikunena za agogo ena aakazi a m'mudzi wina wa patsinde pa phiri la Nkhoma, m'boma la Lilongwe, ndi zimene iwo amalingalira pa kaleredwe ka ana m'banja lachikhristu. Dzina lao silitchulidwa pano, pakuti agogo otere alipo pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo mwina ena mwa iwo akumvera pakali pano, mdzukulu ali pamiyendo.

Agogo ameneŵa adabadwa patatsala zaka zoŵerengeka kuti njala ya 1949 igwe. Adakwatiwa pa chikamwini monga mwa mwambo wa Acheŵa, mwamuna nadzamanga nyumba pamudzi pa akuchikazi. Ana oyamba adaŵalera okha, chifukwa bambo a anawo adali ku migodi ya ku Joni, kumene adapita kudzera ku WENELA. Adabwerako boma litaimitsa maulendo amenewo mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Ana ao atakula, bambo aja atatsikira kuli chete, agogo adayesa kuti tsopano apuma. Koma mu 2001 mwana wao wamkazi adamwalira ndi matenda a Edzi, patatsala zaka zitatu kuti mankhwala otalikitsa moyo ayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Adasiya ana atatu, ndipo agogo adatenganso mbereko. Amenewo atakula, mzime wa agogo adapita kukafuna ntchito ku Johannesburg, nasiyanso atatu: namwali, mnyamata wa ku pulaimale, ndi kamtsikana kongoyamba kumene sukulu.

Tsono munthu amene walera katatu, kwa zaka zoposa 60, akanena chimene waphunzira, ayenera kumvedwa. Mau a agogoŵa ndi aafupi. Iwo amati mwana amamva ndi maso. Makutu ake amalandira malangizo, koma mtima wake umasunga zimene waona akuluakulu akuchita. Mfundo imeneyi amaigwirizanitsa ndi buku la Deuteronomo, mutu 6, ndime 6 ndi 7, pamene Aisraele adalamulidwa kuphunzitsa ana ao malamulo a Mulungu. Chimene chimaŵachititsa chidwi n'chakuti ndimezo sizitchula kachisi kapena tsiku lapadera. Zimangotchula nthaŵi zinai za tsiku wamba, ndizo za kudzuka, za paulendo, za kukhala pansi pakhomo, ndi za kukagona. "Ndiye kuti sukulu yake ndi pano pomwe," amatero agogo, "ndipo siitsekera." Nkhani ya lero itsata nthaŵi zinai zimenezi monga zimayendera pakhomo pao.

PODZUKA

Agogo amadzuka tambala wachiŵiri atalira. Asanatsekule chitseko amagwada pamphasa napemphera ndi mau apansipansi, koma okwanira kumveka m'nyumba monse, pakuti nyumbayo ndi ya zipinda ziŵiri zokha. Amatchula ana ndi adzukulu onse mmodzimmodzi ndi maina ao, osasiya amene ali ku Johannesburg, osasiyanso amene adaleka kupemphera. Adzukulu amakhala akadafunda, komabe amamva. Agogo amati masana onse dzina la mwana limaitanidwa akalakwa kapena akafunika kutumidwa, motero nkwabwino kuti kamodzi pa tsiku alimve likutchulidwa popanda mlandu ndi popanda ntchito. Amachenjezanso za kholo limene limasandutsa pemphero bwalo la milandu, nkumauza Mulungu pamaso pa ana ena kuti uyu ndi waulesi, uyu ndi wakuba. Mwana wochititsidwa manyazi chotero amakula akudana ndi pemphero, pakuti kwa iye pemphero ndi mkwapulo wina.

Kukangocha, ana amabwera kudzapereka moni. Mnyamata akati, "Mwadzuka bwanji agogo?" iwo amayankha kuti, "Ndadzuka bwino amunanga, kaya inu? Nanga mwandisakira chiyani lero?" Namwali uja amamutcha mkazi mnzao, namunena kuti akufuna kuŵalanda mwamuna. Nthabwala zimenezi n'zakale pakati pa agogo ndi adzukulu, ndipo zili ndi ntchito yake. Mwana amaopa bambo ake, amachita manyazi ndi mai ake, koma ndi agogo amaseka, ndipo amene umaseka naye ndiye umamuululira za kumtima. Nchifukwa chake makolo akale ankagoneka atsikana ku kuka, m'nyumba ya ntchembere yaikulu, anyamata nkumagona ku mphala. Agogo amadandaula kuti popeza tsopano akugwira ntchito ya mai ndi ya bambo yomwe, ayenera kulamula ndi kudzudzula, ndipo pali ngozi yakuti nthabwala zija zingafe. Choncho amazisunga dala, ngati munthu wosunga moto wa usiku m'phulusa.

Ntchito za m'maŵa amazigaŵa mosayang'ana kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Mnyamata amatunga madzi ku mjigo, amatsuka mbale, ndipo amadziŵa kugwira mthiko. Anthu ena pamudzi adaseka poyamba, nati agogo akusandutsa mwanayo mkazi. Iwo adangokumbukira mwana wao wina wamwamuna amene adakhala masiku atatu akudya mbatata yootcha ndi ana ake, mkazi wake ali m'chipatala, ufa uli tho m'thumba. Kuyambira pamenepo adatsimikiza mtima kuti mnyamata aliyense wotuluka m'nyumba mwao azituluka akudziŵa kuphika.

Kenaka pamabwera phala. Agogo salola mwana kupita kusukulu ali ndi njala ngati m'nyumba muli ufa ngakhale wa m'chikho chimodzi. Ana ao oyamba adalekeza sukulu panjira chifukwa chosoŵa fizi, pakuti maphunziro a ku pulaimale adayamba kukhala aulere mu 1994, iwo atakula kale. Tsono agogo akaona mdzukulu akunyinyirika kudzuka, samukalipira kwambiri. Amangomufotokozera za amalume ake amene ankalira pakhomo pa kalasi atabwezedwa chifukwa cha ndalama zochepa zedi.

PANJIRA

Njira za agogo ndi zoŵerengeka: ya ku tchalitchi, ya ku chigayo, ya ku chipatala ndi ya ku maliro. Pa iliyonse amatenga mdzukulu mmodzi, mwina kuti aŵanyamulire kathumba, mwina kuti aŵagwire dzanja potsika pa mtsinje. Iwo amati panjira ndi pamene mwana amaphunzira mmene akulu amanenera anzao amene palibe.

Agogo ndi a m'bungwe la Chigwirizano cha Amai, limene lidakhazikitsidwa mu mpingo wa Nkhoma mu 1940. Anzao a ku Blantyre ndi a Mvano, a ku Livingstonia ndi a Umanyano, ndipo mipingo inanso ili ndi mabungwe ake a amai. Tsiku lina akuchokera ku msonkhano, atavala zoyera ndi zakuda zao, amai anai adayamba kunena mnzao amene adatsogolera mapemphero. Adanena za kavalidwe kake, za mwamuna wake, ndi za mwana wake amene adatenga pathupi. Agogo sadayambe nkhaniyo, koma adasekako. Patapita masiku aŵiri adamva kamdzukulu kao kakusimbira anzake nkhani yonse pa maseŵera a masanje, mau ake omwewo, ndi kaseko komwe. Kamwanako sikadakumbukire ndime imene idaŵerengedwa ku msonkhano, koma miseche ya panjira kadaisunga yonse. Chiyambire tsiku limenelo, nkhani yotere ikayamba panjira, agogo amaloza mwana nati, "Amai, pali makutu apa," ndipo anzao adazoloŵera kusintha nkhani.

Njira ya kwa odwala ndi ya kwa ofedwa amaiŵerengera kwambiri. Ntchito yaikulu ya amai a Chigwirizano ndiyo kuyendera odwala, okalamba ndi anamfedwa. Agogo akamapita, namwali amasenza kamtolo ka nkhuni, kapena mnyamata amanyamula kambale ka ufa. Akafika, mwana amasesa pakhomo kapena kutunga madzi, akulu ali kucheza ndi kupemphera. Pobwerera agogo salalika kanthu. Amati mwana amene wasesa pakhomo pa nkhalamba yosaona safunikanso kumuuza tanthauzo la kukonda mnansi.

Pa za ana a eni, agogo amagwirabe mwambi wakale wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amadziŵa kuti masiku ano ambiri amaopa kudzudzula mwana wa mnzao poopa kutukwanidwa ndi makolo ake. Njira yao ndi iyi: akapeza mwana akulakwa panjira, amamuletsa pomwepo ndi mau, osamukhudza, ndipo madzulo amapita okha kukauza makolo ake chimene chachitika mwanayo asanachipotoze. Makolo ambiri amathokoza. Ena amakwiya, koma agogo amati mkwiyo wa tsiku limodzi ndi wopepuka poyerekeza ndi mudzi umene akulu ake amangoyang'ana kumbali.

POKHALA PAKHOMO

Nsima ikapsa, onse amasamba m'manja nakhala pamphasa imodzi. Pemphero la chakudya amasinthana, ndipo la kamtsikana kaja ndi lalifupi kotero kuti mnyamata amakonda tsiku lake. Ndiwo zikakhala zochepa agogo amagaŵa okha ndi chipande, poyera, kuti aliyense aone. Adaphunzira pa ana amasiye aja kuti mwana wopanda mai amayang'anitsitsa mbale ya mnzake, ndipo kusiyana kwa nyemba zisanu amakusunga mumtima zaka makumi aŵiri. Mlendo akafika nsima ili pakati, mtanda woyamba kuchotsedwa ndi wa agogo eni ake. Sadauzepo mwana kuti apereke wake, koma tsopano mnyamata amayamba yekha kunyema.

Pali nkhani ya mchere imene agogo amaisimba akuseka, ngakhale kuti pa tsikulo sadaseke. Mai wina woyandikana nao, wa chizoloŵezi chopempha osabweza, adatuma mwana kudzapempha mchere. Agogo adauza kamdzukulu kao kuti, "Kamuuze kuti mchere watha." Kamwanako kadapita nkukanena. Madzulo agogo akuthira mchere mu mkhwani wotendera, kadafunsa kuti, "Agogo, umenewu wachokera kuti? Si paja watha?" Agogo adasoŵa chonena. Adaona kuti zaka zonse akhala akuphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, koma tsiku limenelo adaphunzitsa kuti bodza limaloledwa munthu akatopa ndi mnzake, ndiponso adatuma mwana kuti akaŵanamire. M'maŵa mwake adatapa mchere m'kapu, nagwira kamwanako pa dzanja, napita kwa mai uja. Adati, "Amai, dzulo ndidakunamizani. Mchere udalipo, koma mtima wanga ndiwo udali utatha. Nawu." Iwo amati kupepesa pamaso pa mwana sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu, ndipo mwana amene sadaonepo wamkulu akupepesa sadzadziŵa kapepesedwe, ngakhale kwa mkazi wake, ngakhale kwa Mulungu.

Nanga za mkwapulo? Apa agogo amayankhula pang'onopang'ono, pakuti pali bala. Amadziŵa kuti buku la Miyambo limanena za kulanga mwana, koma amakumbutsanso kuti kalata ya kwa Aefeso, mutu 6, ndime 4, imachenjeza atate kuti asamapsetse mtima ana ao. Mwana wao wachisamba adamulera ndi dzanja lolemera pa zaka zimene bambo ake adali ku Joni. Mbuzi zikaloŵa m'munda wa eni, ankamukwapula, nkumumana nsima, nkumuuza kuti ndi wopanda pake. Ali ndi zaka 14 adathaŵira ku minda ya fodya ku Kasungu, ndipo padapita zaka zisanu ndi zinai osamveka. Atabwera ali bambo wandevu, adaŵauza kuti, "Amai, mkwapulo unkapola m'maŵa mwake. Chimene sichinkapola ndi mau aja."

Motero pa adzukulu agogo adadziikira malamulo. Salanga mtima uli m'mwamba, koma amayamba atunga madzi kapena kusenda nyemba mpaka mkwiyo utatsika. Samana mwana chakudya, chifukwa njala imaphunzitsa kuba. Satemberera mwana kapena kumutcha dzina la nyama. Ndipo chilango chimayenera kukonza chimene chaonongeka. Mnyamata uja atatenga ndalama ya chopereka nagulira zitumbuwa, agogo sadamukhudze. Adamupatsa khasu kuti akapalire mizere ya munthu wina pa ganyu Loŵeruka, ndipo ndalama imene adalandira adakaiponya yekha m'mbale ya chopereka Lamulungu. Matuza a m'manja adamukumbutsa kwa mlungu wathunthu.

POGONA

Madzulo, nyale ya sola ikayaka, ndiyo nthaŵi imene agogo amaikonda koposa. Iwo adaphunzira kuŵerenga pa sukulu ya m'mudzi ya mishoni, ndipo buku lao ndi Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa lathunthu koyamba mu 1922. Lao lidang'ambika chikuto kalekale, ndipo m'kati mwake adalembamo masiku obadwa a ana onse ndi masiku a maliro. Tsopano maso adachita chidima, motero amaŵerenga ndi adzukulu, mosinthana, potsata ndime za tsikulo m'kabuku ka Mlozo. Anawo amakonda Buku Loyera la mu 1998, chifukwa Chicheŵa chake n'chapafupi ndi chimene amayankhula. Agogo sakangana nao. Mwana akaŵerenga m'buku latsopano, iwo amanena pamtima mmene lakale lidanenera, kenaka onse amafunsana tanthauzo. Aphunzitsi a mnyamata adadabwa kuti amaŵerenga mosadodoma kuposa anzake, osadziŵa kuti khungu la agogo ndilo lidamuphunzitsa. Akatha amaimba nyimbo imodzi ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo ngati tsiku lidali labwino, pamabwera nthano ya Kalulu.

Lamulungu madzulo foni imalira kuchokera ku Johannesburg. Agogo adapangana ndi mwana wao kuti ndalama yotumiza pa foni ndi yabwino, koma siloŵa m'malo mwa mau. Mwana aliyense amayankhula ndi mai ake payekha, ndipo agogo amatuluka panja kuti asamvere. Za bambo a anawo, amene adachoka osatsazika, sanena choipa pamaso pao. Amati mwana amadziŵa kuti theka la magazi ake ndi a bambo ake, ndiye ukanyoza bamboyo wanyoza theka la mwanayo.

Phindu la zonsezi lidaoneka pa nyengo yoŵaŵa. Mvula ya 2024 idadula, ndipo m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Munda wa agogo udangotulutsa matumba atatu. Ku Johannesburg nako ntchito idaima kwa miyezi ingapo, ndalama nkuleka kubwera. Chaka chikutha, nkhokwe idali mbee, ndipo fizi imene inkafunika pa nthaŵiyo kuti namwali uja, wa zaka 15, apitirize Fomu 1, idali isanapezeke.

Usiku wina ana aang'ono atagona, namwaliyo adasendera pamphasa ya agogo nati, "Agogo, muli m'maso?" Adaŵaululira kuti bambo wina wogula mbeu pa msika wakhala akumupatsa sopo ndi mafuta odzola, ndipo tsopano akuti amukwatire, adzapereka matumba a chimanga pakhomo. Adati iye sakufuna, koma akaona mng'ono wake akugona ndi njala amaganiza kuti mwina avomere. Agogo amati mtima wao udagunda ngati mtondo, ndipo mau oyamba amene adafika pakamwa adali okalipa. Adaŵameza. Adangoti, "Wachita bwino kundiuza, mnzanga. Gona. Nkhaniyi tsopano ndi yanga." M'maŵa mwake adatenga sopo ndi mafuta otsalawo, napita ndi mlangizi mmodzi wa mpingo kukazibweza kwa mwini wake, masana, anthu akuona.

Koma bambo uja adali atayankhula kale ndi atsibweni a mtsikanayo, amene pa mwambo wa Acheŵa ndiwo eni mbumba. Atsibweniwo ndi mwana wachisamba uja wa agogo. Adabwera kuchokera kumudzi kwa akazi ao, nakhala pakhonde, nati, "Amai, ine sindikufuna zoipa. Koma inu mwakalamba, chimanga palibe, ndipo mlongo wanga sakutumiza kanthu. Kodi ana aŵa adya mabuku?" Agogo adayankha kuti, "Bambo, inu ndinu mwini mbumba, ndipo sindikulandani udindo. Koma mudachoka pakhomo pano muli ndi zaka 14 chifukwa cha ine. Mundiuze, ku Kasungu kuja mudakhuta?" Mkuluyo adaŵerama nthaŵi yaitali osayankha. Pambuyo pake adati adzagulitsa mbuzi yake imodzi, ngati amai nawonso agulitsa yao.

Omvera adziŵe kuti agogo adali ndi lamulo kumbali yao. Lamulo la maukwati la mu 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, lidaletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18. Ku Dedza, kufupi ndi kwao, Inkosi Theresa Kachindamoto idatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Azachipatala nawonso amachenjeza kuti mtsikana wobereka thupi lisanakhwime amakhala pa ngozi yaikulu pochira. Komabe lamulo silikadathandiza kanthu mtsikanayo akadakhala chete. Chimene chidatsekula pakamwa pake usiku umenewo ndi nthabwala za m'maŵa uliwonse, ndi kapu ya mchere ija imene adaona ikupita kwa mnansi, ndi kudziŵa kuti m'nyumba imeneyo wonena zoona sakwapulidwa. Mbuzi ziŵiri zidagulitsidwa. Banjalo lidadya kamodzi pa tsiku mpaka chimanga chachiŵisi chitacha, ndipo namwaliyo adabwerera kusukulu.

MAU KWA MAKOLO

Agogo ameneŵa sadzitama kuti njira yao ndi yosalephera. Mwa ana amasiye atatu aja, amene adadya m'mbale imodzi namva mapemphero amodzimodzi, mmodzi ndi mphunzitsi, wina ndi mlimi wakhama ndiponso mkulu wa mpingo, koma wachitatu adaloŵerera ndi moŵa ndipo sapondako ku tchalitchi. Agogo amati kholo limabzala ndi kupalira, koma silingakoke mmera kuti ukule. Dzina la mnyamata ameneyo limatchulidwabe m'maŵa uliwonse, ndipo akabwera pakhomo nsima yake imapakulidwa monga ya ena onse. Amalimba mtima akakumbukira kalata yachiŵiri ya Paulo kwa Timoteo, mutu 1, ndime 5, pamene mtumwiyo adatchula agogo ake a Timoteo, a Loisi, ndi mai ake, a Yunike, monga anthu amene chikhulupiriro chidayamba kukhala mwa iwo chisanafike kwa mnyamatayo. Za a Loisi sizidalembedwe zambiri, ndipo agogo amati mwina nawonso ankangophika, kusesa ndi kupemphera.

Koma pali mau amene ayenera kufika kwa inu makolo amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena kunja kwa dziko, ana anu ali kumudzi. Msana wa agogo si wachitsulo. Munthu wa zaka 80 amene akutunga madzi, kulima, kuphika ndi kudikira mwana wodwala malungo usiku, akugwira ntchito imene idayenera anthu aŵiri a mphamvu zao. Tumizani chimene mungathe pa nthaŵi yake, ndipo pamene mulibe, nenani poyera kuti mulibe, kuti akulu adziŵe pokonzekera. Imbani foni ndi kuyankhula ndi mwana aliyense. Mukabwera kumudzi musapeputse malamulo a agogo pamaso pa ana pofuna kukondedwa kwa masiku atatu. Inunso atsibweni, akulu a mpingo ndi amai a mabungwe, poyendera odwala muziyenderanso nyumba zimene nkhalamba ikulera yokha, pakuti kumeneko mtolo wa nkhuni umodzi ndi thandizo lalikulu.

Ndipo kwa inu agogo nonse amene mukumvera, ku Mzimba, ku Ntchisi, ku Machinga, ku Thyolo ndi kwina konse, ntchito yanu ikuoneka, ngakhale kuti siilembedwa m'nyuzipepala. Usiku uno, musanazime nyale, itanani mdzukulu mmodzi akuŵerengereni ndime imodzi, ndipo maŵa m'maŵa mumutchule dzina pamene akuyesa kuti simukudziŵa kuti ali m'maso.